Kaphikidwe ka noodles za msuzi wa ng'ombe wa ku Lanzhou: msuzi uyere, noodles zisaduke

Ambiri amene analawapo noodles za msuzi wa ng'ombe ku China, kaya anapita kusukulu kaya kukaoda katundu, akabwerera kwawo amayesa kuphika okha. Pomwe amagwa ndi pawiri. Msuzi umatuluka wambuu, wodzaza mafuta, wonunkha magazi. Ufa nawo ukamakokedwa umangoduka m'manja. Mavuto awiri onsewa amabwera chifukwa chophika mothamanga.

Ku Lanzhou, likulu la chigawo cha Gansu kumpoto chakumadzulo kwa China, chakudyachi ndi kadzutsa. Malo odyera amatsegula cha m'ma 6 koloko m'mawa, ndipo odziwa amalawirira kuti apeze msuzi wa m'poto woyamba, usanawonjezeredwe madzi kapena kudetsedwa ndi ufa. Ambiri mwa malowa pofika 2 koloko masana amakhala atatseka. Mbale imafika m'manja mwa wogula pasanathe mphindi zitatu, koma mafupa ake anakhala pamoto maola ambiri anthu ali mtulo. Inunso ntchito yaikulu muigwire madzulo, m'mawa mungomalizitsa.

Anthu a kumeneko amayesa mbale yabwino ndi zinthu zisanu: msuzi woyera woonekera mpaka pansi, radish yoyera (muzu wooneka ngati karoti wamkulu), mafuta a tsabola ofiira, masamba obiriwira, ndi noodles zachikasu pang'ono. Chimodzi chikasowa, wodya amadziwa asanalawe n'komwe. Muyeso uli m'munsiwu ndi wa mbale zisanu ndi imodzi.

Ziwiya

- Poto wamkulu wa malita 8 kapena kuposa
- Poto wina wowiritsira noodles
- Chipande kapena supuni yaikulu yoengulira thovu
- Sefa ndi nsalu yoyera yopyapyala
- Kansalu kena komangira zonunkhiritsa
- Mbale yachitsulo kapena yadothi yopangira mafuta a tsabola, osati yapulasitiki
- Tebulo loyera lokandirapo ufa, ndi thireyi yokhala ndi chovindikira

Zofunika pa msuzi

- Mafupa a miyendo ya ng'ombe, makilogalamu 1.5, odulidwa kuti mafuta a m'kati aoneke
- Nyama ya pamsongolo kapena ya pachifuwa, kilogalamu 1, yosaduladula
- Madzi malita 5
- Jinja wamkulu ngati zala ziwiri, wophwanya
- Sichuan pepper supuni yaikulu imodzi
- Black cardamom ziwiri, kamtengo kamodzi ka sinamoni, star anise imodzi, njere za fennel supuni yaing'ono imodzi, masamba awiri a bay
- Mchere ndi tsabola woyera wogaya

Zofunika pa noodles ndi zapamwamba

- Fulawa wa buledi magalamu 600, madzi mamililita 330, mchere supuni yaing'ono imodzi, soda kotala ya supuni yaing'ono, mafuta ophikira opaka
- Radish yoyera yaitali, imene ena amati daikon, imodzi yaikulu
- Masamba a coriander, omwe m'masitolo a zonunkhiritsa amawatcha dhania
- Masamba a adyo, kapena anyezi wamasamba ngati a adyo asowa
- Tsabola wouma wosinja mosasalaza theka la kapu, chitowe supuni ziwiri, mafuta kapu imodzi, anyezi mmodzi
- Viniga wakuda woika patebulo

Sichuan pepper ndi viniga wakuda amapezeka m'masitolo a zakudya za ku China, ndipo zonunkhiritsa zinazo m'masitolo a zakudya za ku India. Mukasowa black cardamom kapena star anise, phikani opanda. Koma jinja ndi Sichuan pepper musazisiye, chifukwa ndi zimene zimathana ndi fungo la ng'ombe. Tomato, curry, ndi tizidutswa tamsuzi ta m'mapaketi musaziyandikize n'komwe pa poto ameneyu. Nkhumba ayi: chakudyachi ndi cha Asilamu a mtundu wa Hui, ndipo munthu amene amatchulidwa kuti anachiyambitsa m'chaka cha 1915, Ma Baozi, anali wa mtundu umenewu.

Madzulo: kuyeretsa nyama ndi mafupa

1. Viikani nyama ndi mafupa m'madzi ozizira kwa maola awiri kapena atatu. Madzi oyamba adzafiira kwambiri. Atsanulireni m'chigubu, muwasunge mufiriji, chifukwa ali ndi ntchito pa sitepe 6. Thirani ena, ndipo sinthani kawiri kapena katatu mpaka madzi atangotsala ofiirira pang'ono.

Chenjezo: nyengo yotentha ngati ya Okutobala musasiye beseni la nyama pabwalo maola onsewa. Liikeni mufiriji, kapena fupikitsani nthawi n'kusintha madzi pafupipafupi.

2. Ikani mafupa pansi pa poto, nyama pamwamba, thirani madzi ozizira malita 5. Madzi akhale ozizira ndithu. Mukaponya nyama m'madzi owira kale, litsiro la magazi limauma nthawi yomweyo n'kukhala tizidutswa ting'onoting'ono tomwe timamwazikana mumsuzi, ndipo kutichotsa n'kovuta. M'madzi ozizira limatuluka pang'onopang'ono, limagwirana, n'kuyandama pamwamba pomwe chipande chingalifikire.

3. Imani pomwepo muziengula thovu. Apa ndiye pagona msuzi wonse. Madzi akayamba kutentha, pamwamba pamabwera thovu lotuwa, lokhuthala, lonunkha. Liengulireni m'mbale ina mosagwedeza poto. Likatha lotuwa limabwera loyererako, nalonso lichoke. Pukutani m'mbali mwa poto ndi kansalu konyowa pomwe thovu lamatirira, apo ayi lidzagweranso m'kati. Ntchitoyi imatenga mphindi 20 kapena 30, ndipo si nthawi yopita kukaona mwana kapena kukayankha foni. Poto akabwata thovu lili momwemo, limasweka n'kusakanikirana ndi madzi, ndiye msuzi wambuu uja wayambira pamenepo.

Madzulo: moto wochepa, maola ambiri

4. Mangani zonunkhiritsa m'kansalu, ponyani mumsuzi pamodzi ndi jinja, chepetsani moto. Musanamange, zitsukeni ndi madzi kuti fumbi lichoke. Moto woyenera mudzaudziwa poyang'ana pamwamba pa msuzi: pazituluka kathovu kamodzikamodzi apa ndi apo, madzi akungonjenjemera. Mukaona mafupa akugundana, moto wachuluka. Kubwata kumaswa mafuta kukhala timadontho tosaoneka ndi maso, ndipo timadonthoto ndi timene timasandutsa msuzi kukhala woyera ngati mkaka. Msuzi wotero ulipo ndipo ena amaukonda, koma si wa ku Lanzhou.

Amene mukuphikira pa mbaula muli ndi mwayi, chifukwa makala ophimbidwa ndi phulusa pang'ono amapereka moto wodekha bwino kwambiri. Chovuta ndi powonjezera makala atsopano: akayaka, moto umakwera mwadzidzidzi. Yatsirani makala ena pambali, muziika awiriawiri. Chivindikiro chikhale chopendekeka, mpweya uzituluka.

Chenjezo: kansalu ka zonunkhiritsa kachotseni pakatha ola limodzi ndi theka. Kakakhalitsa, msuzi umada ndipo umayamba kukoma ngati mankhwala. Fungo lotsogolera likhale la ng'ombe.

5. Vuulani nyama pakatha maola awiri kapena awiri ndi theka, mafupa apitirize mpaka maola anayi kapena asanu. Bayani nyama ndi foloko. Ikalowa mosavuta koma nyama isakuphwasuka, yapsa. Iwazeni mchere ikadali yotentha, ithireni msuzi pang'ono kuti isaume kunja, ndipo ikazizira iikeni mufiriji yathunthu. Musaidule usiku womwewo. Nyama yotentha imanyenyeka pansi pa mpeni, koma yogona mufiriji imadulika mopyapyala bwinobwino.

Madzi akachepa kwambiri, wonjezerani owira kale. Ozizira amasokoneza mafuta n'kudetsa msuzi.

6. Sefani, kenako yeretsani msuzi. Musapendeketse poto n'kukhuthula. Tungani ndi kapu kapena chipande, muzithira pa sefa yoyalidwa nsalu, ndipo zotsalira pansi muzisiye. Mafuta oyandama engulani, mungosiya ochepa.

Tsopano tengani madzi ofiira aja a pa sitepe 1. Ophika a ku Lanzhou amayeretsera msuzi ndi madzi amenewa, ndipo njirayi imapulumutsa ngakhale msuzi umene unabwata mwangozi. Dikirani msuzi uzizire pang'ono, thiranimo makapu awiri a madzi ofiirawo, takasani kamodzi kokha, bwezerani pamoto wochepa, osakhudzanso. Magazi akamapsa amagwirana, n'kukoka litsiro lonse kubwera nalo pamwamba ngati chikhungwa chotuwa. Engulani, sefaninso pansalu, kenako wiritsani msuzi mokwanira kuti pasatsale chachiwisi. Ngati madzi aja munataya, zoyera za mazira awiri zopuntha ndi madzi pang'ono zimagwira ntchito yomweyo.

7. Thirani mchere tsopano. Yambani ndi supuni yaikulu imodzi, lawani, wonjezerani pang'onopang'ono pamodzi ndi tsabola woyera. Msuzi ukhale wamchere kuposa pang'ono momwe mungaumwere pawokha, chifukwa noodles zidzatenga wina.

Chenjezo: uziziritseni msanga poimika poto m'beseni la madzi ozizira, kenako mufiriji. Ngati firiji mulibe kapena magetsi athima, musaugoneke pakhitchini usiku wonse. Ndi bwino kuyamba kuphika m'bandakucha n'kudya masana.

Mafuta a tsabola

8. Kazingani anyezi ndi jinja pang'ono m'mafuta pamoto wochepa mpaka zitafiirira, kenako zichotseni. Tulani poto, dikirani mphindi zitatu kapena zinayi. Ponyani kambewu kamodzi ka tsabola m'mafutamo. Kakachita thovu modekha osada, mafuta afika. Kakada nthawi yomweyo, dikiraninso. Thirani mafutawo pa tsabola ndi chitowe katatu, mukutakasa pakati pake, ndipo onjezerani mchere pang'ono. Vindikirani agone usiku wonse, m'mawa adzakhala atafiira kwambiri.

Tsabola wa ku Gansu ndi wonunkhira ndi wofiira kuposa kuwawa kwake, n'chifukwa chake anthu a kumeneko amathira zipande zathunthu. Mukasinja kambuzi kapena piripiri yekhayekha n'kuthira muyeso womwewo, palibe adzamalize mbale. Sakanizani mbali zinayi za paprika kapena tsabola wosawawa ndi mbali imodzi ya wowawa.

Ufa wa noodles

Ndinene poyera: kakokedwe kamene mumaona kwa akatswiri, kopinda ufa kangapo mpaka nkhosi zambirimbiri zituluke m'manja, anthu amakaphunzira kwa miyezi, ndipo amagwiritsa ntchito penghui, mchere wochokera ku phulusa la chitsamba cha m'chipululu. Tikuidziwa nzeru imeneyi, ndi ya chidulo chathu chophikira therere. Pakhomo, njira yodalirika ndi kukoka chingwe chimodzichimodzi kuchokera ku ufa wopumula bwino.

9. Sungunulani mchere ndi soda m'madzi, muzithira pa fulawa pang'onopang'ono. Sakanizani ndi zala mpaka ufa ukhale timibulu, kenako gwirizanitsani. Poyamba udzaoneka wouma ndi wokhakhala. Musafulumire kuwonjezera madzi. Vindikirani mphindi 20, mukabwerako mudzaupeza utafewa wokha. Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito chidulo m'malo mwa soda, yambani ndi supuni imodzi yosefa bwino, popeza mphamvu ya chidulo imasiyana malinga ndi phulusa lake.

Chenjezo: soda wambiri amalimbitsa ufa mpaka kukana kukokeka, ndipo noodles zimakoma sopo. Fulawa wa makeke kapena wokhala ndi zotupitsa kale sagwira ntchito imeneyi.

10. Kandani mphindi 10 mpaka ufa usalale, upumitseni theka la ola, kandaninso pang'ono. Uyaleni ukhale wokhuthala ngati chala, dulani timizere totalika ngati chikhatho, kulungani kalikonse kakhale kozungulira. Pakani mafuta mbali zonse, ndandalikani m'thireyi, vindikirani kuti mpweya usalowe. Timizereto tipumule maola awiri, kapena tigone mufiriji.

Kupumula kumeneku ndi kumene ambiri amadumpha. Ufa wongokandidwa kumene umakhala wokungika, ukaukoka umabwerera, ukaukakamiza umaduka. Ukapumula umalola. Ngati unagona mufiriji, utulutseni ola lathunthu musanayambe kukoka, chifukwa wozizira umadukanso.

Masiku amene mulibe nthawi, wiritsani spaghetti yopyapyala m'madzi othira soda supuni yaing'ono imodzi pa lita iliyonse. Imasanduka yachikasu ndi yotafunika. Poto akhale wamkulu chifukwa madziwo amafufuma.

M'mawa: kumalizitsa

11. Konzani radish, nyama ndi masamba musanakhudze ufa. Sendani radish, iduleni mopyapyala, iwiritseni m'madzi apadera mphindi zisanu mpaka iyambe kuonekera, tayani madziwo, kenako iikeni mumsuzi wotentha. Mukaiponya mumsuzi yaiwisi, fungo lake laukali limalowa poto yense. Dulani nyama yozizira ija mopyapyala kapena timabokosi ting'onoting'ono. Dulani dhania ndi masamba a adyo bwinobwino. Msuzi ukhale pamoto, wotentha kwambiri, ndipo mbale muzitenthetse ndi madzi otentha.

12. Kokani, ponyani m'madzi obwata a poto wachiwiri. Gwirani kamzere kumapeto konse, tambasulani manja modekha mukukamenyetsa patebulo pang'onopang'ono. Kakatalika ngati mkono, kapindeni pakati, kokaninso kamodzi. Kakaduka musadandaule, kaponyeni momwemo. Noodles zopyapyala zimapsa pa mphindi imodzi kapena ziwiri, zokhuthala pa mphindi zitatu. Phikani za mbale imodzi kapena ziwiri pa nthawi.

Chenjezo: musawiritsire noodles mumsuzi. Ufa ndi mafuta ake zidzawononga m'mphindi imodzi ntchito yonse ya usiku.

13. Pakulani motsatana chonchi: noodles zokhetsa madzi, msuzi wotentha mpaka kuziphimba, radish, nyama, masamba odzaza dzanja, ndipo pomaliza chipande cha mafuta a tsabola kumbali imodzi. Musatakase popereka. Wodya ayambe wamwa msuzi kumbali yoyera, amve kukoma kwa ng'ombe, kenako asakanize yekha n'kuthira viniga ngati akufuna.

Itanani anthu akhale pansi musanaponye noodles m'madzi. Zikakhala mumsuzi mphindi zisanu zimatupa n'kufewa, n'chifukwa chake ku Lanzhou munthu akasowa mpando amangodyera choimirira kapena chonjuta panja pakhomo, ngakhale kukuzizira, m'malo modikira kuti wina anyamuke.

Mukafika ku Lanzhou kwenikweniko

Pitani m'mawa, isanakwane 8 koloko ngati n'kotheka. Kumeneko dzina lake ndi niurou mian. Zikwangwani zolembedwa Lanzhou lamian zimene zili m'mizinda ina ya China nthawi zambiri eni ake ndi ochokera ku Hualong m'chigawo choyandikana nacho cha Qinghai, ndipo kakomedwe kake kamasiyanako.

Lipirani kaye pakauntala, tengani tikiti, pitani nayo pawindo la khitchini. Wophika adzafunsa kukula kwa noodles, ndipo mzere uli kumbuyo kwanu sudikira, choncho sankhiranitu. Maoxi ndi zopyapyala kwambiri, zimafewa msanga. Erxi ndi zozungulira zokhuthalako, zotafunika, ndipo ndi zomwe ndingalangize woyamba kumene. Jiuye ndi zaphwatalala zing'onozing'ono, pomwe dakuan ndi zotambalala ngati lamba. Nyama ya m'mbale imakhala tizidutswa towerengeka, choncho wofuna kukhuta amagula mbale ina ya nyama yodula ndi dzira lowiritsa. Mbale mumanyamula nokha kupita nayo pampando. Malo ambiri ndi a halaal, ndiye musalowe ndi mowa kapena chakudya cha kwina. Mukamaliza nyamukani, wina akudikira malowo.

Zolakwika zimene zimabwerezedwa

Kugula nyama yankhuli yofewa poganiza kuti yokwera mtengo ndiyo yabwino. Nyama ya steak ikawiritsidwa maola awiri imauma n'kukhala ulusi. Ya pamsongolo ili ndi mitsempha imene imasungunuka n'kupatsa msuzi thupi. Kubutchala nenani kuti mukufuna mafupa a miyendo odula ndi macheka. Odula ndi nkhwangwa amasiya tizibenthu tomwe timabisala mumsuzi, ndiye mukapatsidwa oterowo atsukeni bwino ndipo nsalu yosefera musaisiye.

Kuphikira mu pressure cooker kuti zifulumire. Nyama imapsa, inde, koma simungathe kuengula thovu chivindikiro chili chotseka. Ngati mulibe kuchitira mwina, malizani sitepe 3 yonse poto ali wotsegula, kenako tsekani, ndipo pomaliza dikirani mpweya utsike wokha. Kuutulutsa mwachangu kumabwatitsa msuzi mwamphamvu m'katimo.

Kuthira soya sauce kuti msuzi ukhale ndi mtundu. Msuzi wakuda wa soya ndi wa noodles za ng'ombe za ku Taiwan, chakudya chokoma koma china. Wa ku Lanzhou mtundu wake ndi wachikasu chotumbuluka, ndipo kufiira konse kumachokera ku mafuta a tsabola.

Kutakasa poto. Dzanja lozolowera ndiwo limafuna kutakasa. Pano palibe chopserera, mafupa ali m'madzi ambiri. Chipande chigwire pamwamba pokha.

Kuwaza fulawa wouma pa timizere m'malo mopaka mafuta. Fulawa amaumitsa kunja, ndipo pokoka pamang'ambika pomwe pauma. Thireyi ikhalenso yovindikira nthawi yonse, muzitulutsa kamzere kamodzi pokhapokha mukakakoka.

Kusunga zotsala zonse m'poto mmodzi. Msuzi, nyama, radish ndi ufa zisungidwe padera. Msuzi wosefa umakhala mufiriji masiku atatu, ndipo mufiriza umatha miyezi ingapo ngati mwaugawa m'zigubu za mbale imodziimodzi. Timizere taufa topaka mafuta tigwiritseni ntchito pasanathe masiku awiri, chifukwa tikapitirira pamenepo timafewa mopitirira muyeso n'kumamatira m'manja pokoka.